Cola ca kucipatala

Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, anesi a ku kiliniki anandipatsa kapepala ka zinthu zofunika kunyamula tsiku lokacila. Amai amene munapitako ku sikelo ya apakati mukadziwa kapepala kameneka: zitenge, pulasitiki yakuda yoyala pa bedi, magulovu, thonje, Jik, beseni, kopanila mcombo, matewela, tuzovala, kacisote, masokosi ndi bulangeti. Ndinazungulila Kamwala yonse ndi mimba ya miyezi 8, kucoka kumeneko ku City Market, kenako ku famase ya m'tauni, mapazi atatupa monga zitumbuwa. Zimene zinatsala ndinatuma amuna anga. Anabwela monyadila ndi matewela a mwana woyenda kale.

Tsiku limenelo, m'basi yobwelela ku Mtendere, ndinaganiza kuti pakanakhala munthu wolonga zonsezi m'cola cimodzi, ndikanamulipila osakambako za mtengo. Ganizolo linagona zaka ziwili. Linauka mu 2020, kolona itatseketsa malo ogona alendo kumene ndinali kugwila nchito. Anatiuza kuti tiyembekezele kunyumba, adzatiitana. Mpaka lelo sanaitane.

Mpamba wanga unali ndalama ya cilimba. Mwezi umene inali nthawi yanga yolandila ndinagula katundu wa zola zinai, n'kuyala citenge pa bedi pafupi ndi windo, n'kujambula ndi foni. Zithunzi ndinaziika pa Facebook, m'magulu aja a azimai mmene anthu amafunsana za mimba ndi za ana. Sabata yoyamba anthu anali kungolemba kuti "zingati?" ngakhale kuti mtengo unali pamwamba penipeni. Woyamba kugula anali mwamuna wogwila nchito ku migodi ku Solwezi, mkazi wake ali kuno ku Lusaka, masiku atayandikila. Anatumiza ndalama pa Airtel Money asanandionepo nkhope. Cola ndinakapeleka ndekha, mwana ali kumbuyo, ndipo pobwelela ndinayang'ana uthenga wa ndalama uja kangapo konse, monga kuti ungafufutike.

Apongozi anga a ku Katete atabwela kudzationa anapeza zola zitandandalikidwa pabalaza. "Mwana wanga," anatelo, "kodi zovala izi eni ake anabadwa?" Ndinati iyai, ndiye bizinesi yake imeneyo. Anakhala cete kanthawi, kenako anati kwathu mwana sitimugulila kanthu tisanamuone. Ndinawauza mwaulemu kuti masiku ano kucipatala munthu sapita cimanjamanja. Pa mfundo imeneyo ndikali kuona kuti sindinalakwe. Mai wofika usiku alibe magulovu kapena pulasitiki amavutika, ndipo womudikilila amayamba kuthamangathamanga kufuna famase yotsegula pa 02:00. Koma ndinawayankha monga munthu wodziwa kale zonse. Sindinafunse cifukwa cake akuluakulu anali kuletsa.

Bizinesi inakula pang'onopang'ono. Poyamba ndinali kuoda m'mashopu a ku Kamwala, koma phindu linali locepa cifukwa kasitomala nayenso njila ya ku Kamwala aidziwa. Mnzanga wogulitsa nsapato ndiye anandionetsa njila ya ku Nakonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 pa Great North Road, kugona m'basi ndalama utazimanga m'ciuno. Pambuyo pake ndinapeza munthu wonditumizila katundu kucokela ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ine n'kumasankha pa zithunzi za pa WhatsApp. Kawili konse wanditumizilapo zosiyana ndi za pa cithunzi, koma tikali pamodzi. Tunsalu tofunditsila mwana timasoka konkuno, pali amai ena atelala a m'komboni mwathu amene ndinayamba nao kalekale. Makasitomala a mu Lusaka ndimawatumizila ndi anyamata a njinga zamoto, pamene a ku Chipata, Kitwe ndi Livingstone cola cimakwela basi pa Intercity. Dzina la bizinesi ndinakalembetsa ku PACRA cifukwa anthu ena safuna kutumiza ndalama kwa munthu amene ali cabe ndi nambala ya foni, ndipo sindiwaimba mlandu. Inenso ndinapusitsidwapo ndi uthenga wabodza wooneka monga ndalama yalowa. Pamene ndinali kuyang'ana balansi, wanjinga anali atapeleka kale cola.

Caka ca 2024 cinatiyesa tonse. Kwacha inagwa mpaka dola imodzi kupitilila K25, msonkho wa pa ndalama zotumiza pa foni unayamba mu January, ndiye kunabwela cilala, madzi ku Kariba n'kucepa, malaiti n'kumabwela pakati pa usiku anthu atagona. Atelala anga anafukula makina ao akale opalasa ndi mapazi. Ine shopu yanga ndi foni, batile ikatha ndiye kuti ndatseka.

Makasitomala a bizinesi iyi sagona. Mauthenga ambili amandipeza pakati pa usiku, nthawi imene wina msana wamuletsa tulo, wina ali kuyamwitsa. Amayamba ndi mtengo wa matewela, kenako nkhani imatembenuka: mwana akana bele, mcombo wayamba fungo, maso aoneka acikasu. Ine sindine nesi, conco yankho langa ndi limodzi, pitani naye ku kiliniki, musayembekezele. Mkaka wa m'citini ndi mabotolo sindigulitsa ngakhale amandipempha. Malamulo a dziko lathu amaletsa kutsatsa zinthu zimenezi, ndiponso sindifuna kuti cithunzi canga cikhale cimene calekanitsa mwana wa masabata awili ndi bele, pamene ku sikelo amatiphunzitsa kuyamwitsa bele lokha miyezi 6.

Ambili sakwanitsa kulipila cola conse nthawi imodzi, conco ndinayamba kulola kulipila pang'onopang'ono. Pansi pa cithunzi ciliconse ndinalemba kuti ndalama ikalowa sibwezedwa. Ndinaona ena alemba conco, nanenso ndinakopela.

Panali mtsikana wina wa ku Petauke, mimba yoyamba. Anayamba kulipila ali ndi miyezi 5, kutha kwa mwezi K150, nthawi zina K100 ndi mau opepesa. Anasankha zonse za yelo cifukwa sanafune kudziwilatu ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Usiku anali kunditumila mauthenga a mau kundiuza mmene mwana ali kupondela m'mimba, ndipo anali kundiitana kuti asisi. Atatsiliza kulipila anandipempha kuti cola ndiyambe ndacisunga, cifukwa apongozi ake sakanalola kuti cilowe m'nyumba. Ndinaseka, n'kumuuza kuti apongozi a kum'mawa ndi amodzi. Tinapangana kuti ndidzacikweza basi mwezi wa 9 ukayamba.

Tsiku litakwana ndinalemba kuti, "Amake mwana, cola canu cikwela mawa, konzekani!" n'kuikapo tumitima. Sanayankhe. Ndinalembanso tsiku lotsatila. Madzulo foni inalila, nambala yacilendo, mau a mwamuna. "Amai, ndine mwamuna wake wa uja wa ku Petauke. Cola cija musatumize. Mwana anabwelela." Anakamba kuti mkazi wake akali m'cipatala koma ali bwinoko. Za ndalama sanachuleko.

Nditadula foni ndinalila, koma usiku womwewo ndinatenga kope n'kuyamba kuwelengela, ndipo zimenezi zimandicititsa manyazi mpaka lelo. Ndalama ya mtsikanayo inali itapita kale ku Nakonde pamodzi ndi oda ya mwezi umenewo. Sabata yomweyo ndinafunika kuponya cilimba, atelala naonso anali kuyembekezela yao. Lamulo langa linali lolembedwa poyela, ndipo eni ake sanapemphe kanthu. Masiku atatu ndinakhala cete, cola ca yelo cili pakona pa cipinda. Amuna anga anati ndicite zimene mtima wanga ufuna, yankho la munthu amene safuna kulowelelapo.

Tsiku lacinai ndinatumila foni apongozi. Ndinali kuyembekezela kumva kuti ndinakuuzani. Anamvetsela mpaka kumapeto, kenako anandiuza nkhani imene ngakhale mwana wao sanali kuidziwa bwino: amuna anga asanabadwe panali wina. Iwo anali ataluka kajuzi ndi tumasokosi mobisa, amai ao osadziwa. Atabwelako kucipatala kumbuyo kulibe kanthu, cinthu coyamba kuona potsegula sutukesi cinali kajuzi kaja. "Mwana wanga, zovala sizipha mwana," anatelo. "Koma munthu akabwela alibe mwana n'kupeza zovala, amalila kawili. Ndalama ya eni ake mubweze lelo. Polemba musaculukitse mau."

Ndinakongola kwa akulu anga n'kutumiza ndalama yonse pa nambala ya mwamunayo, ndi yocotsela pamwamba. Ndinalemba mizele iwili cabe. Kenako ndinakumbukila kuti tsiku lililonse ndimaika pa status zithunzi za makanda ovala zovala zanga, ndipo mtsikanayo nthawi zonse anali woyamba kuziona. Ndinalowa m'foni n'kumubisila. Ndinamucotsanso m'gulu la makasitomala, cala cikunjenjemela, cifukwa WhatsApp imalemba poyela kuti uje wacotsedwa. Panapezeka wina wofunsa kuti walakwa ciani. Sindinayankhe.

Mau aja akuti ndalama sibwezedwa ndinawafufuta. Tsopano palembedwa kuti mimba ikapanda kuyenda bwino ndalama ibwezedwa yonse, ndipo sindifunsa pepala la kucipatala. Anzanga ena a bizinesi amati anthu adzandidyela masuku pamutu, ndipo mwina alipo amene anandinamizapo kale. Ndalama ya olipila pang'onopang'ono ndimaisunga pa nambala ina, sindiigwila mpaka cola citapita. Zimenezi zacepetsa maoda anga, ndipo mwezi wina mabulangeti anandithela nyengo yozizila ili pakati. Aliyense woyamba kulipila ndimamupempha nambala ya wacibale. Uthenga wakuti "mwacila?" ndinaleka kutumiza, ndimayembekezela kuti iwo ayambe.

Cola ca yelo ndinacimasula n'kugulitsa katundu wake kamodzikamodzi. Mwezi watha, patapita caka ndi miyezi ingapo, uthenga unalowa pa 03:00. "Asisi, mukali kugulitsa?" Ndinati ndikali. Anati ali ndi miyezi 6, koma ulendo uno safuna kulipililatu, safunanso kuona zithunzi, nthawi ikakwana mwamuna wake ndiye adzanditumila foni. Ndinati cabwino, ndipo sindinaikepo kamtima. Cola cake ndinalonga kale, sindinacijambule, cili pamwamba pa wadilobu. Ndafunsa kale nthawi imene basi yoyamba ya ku Chipata imanyamuka pa Intercity, kuti foni ikalila usiku, cikafike ku Petauke tsiku lomwelo.