Ngongole ya Miliyoni Imodzi

Mkonzi wa magazini ino anandipempha kuti ndilembeko kanthu, ndipo ine ndasankha kukusimbirani za manyazi amene ndinachita tsiku lina Loweruka m'nyengo yachisanu. Ambiri a inu munangomva mphekesera, ndipo ena mukunditchula kuti Mwini Miliyoni osadziwa kumene dzinalo linachokera.

Ine kwathu ndi ku Mtiya, m'munsi mwa phiri lathu la Zomba. Amayi anga ali ndi benchi pakhomo pamene amagulitsa tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere imene amagula kwa anthu otsika nayo kuphiri m'mamawa. Ambiri ogula pabenchipo amatenga pangongole, nadzalipira mwezi ukatha. Amayi salemba kanthu. Zonse ziri m'mutu mwao. Ndiyenera kubvomera pano kuti ine, pokhala mwana wa sekondale, ndinayamba kuona chimenechi ngati umbuli, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndiwapulumutsa.

Ndiri ndi msuweni amene aphunzira za makompyuta ku Chirunga, pa sukulu imene akuluakulu amaitchulabe Chancellor College, ngakhale kuyambira 2021 inaima payokha ndi dzina lakuti Yunivesite ya Malawi. Iyeyu anandipatsa foni yache yakale yosweka galasi, momwe munali kapulogalamu kotchedwa Pydroid, nandiphunzitsa kulemba malamulo a kompyuta m'chinenero cha Python. Poyamba ndinkayesa kuti dzinali ndi la njoka ija nsato. Iai. Mwini wache, Guido van Rossum wa ku Netherlands, amene anachitulutsa mu 1991, anatenga dzinali kwa anthu anthabwala a ku Britain otchedwa Monty Python. Masabata asanu ndinalimbana ndi kafoniko usiku, kufikira ndinapanga pulogalamu ya mizere 30 yosunga maina a angongole ndi kuonkhetsa ndalama zao.

Msuweni ataiona anati, "Loweruka likudzali tipitire limodzi kumsonkhano wathu."

Tsono msonkhano umenewu ndi wa mtundu wina, wosafanana ndi misonkhano imene timaidziwa. Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, ena ophunzira, ena apantchito, amangopangana tsiku, nabwereka chipinda, nasonkhana. Palibe mphunzitsi, palibe mayeso, palibe cholipira pakhomo, ndipo palibe wolemba maina a ochedwa. Amene waphunzira kanthu katsopano amaimirira nafotokozera anzache, ena namufunsa. Tiri m'njira msuweni anandiuza kuti mwambowu suli wa lero. Mu March 1975, chaka chomwe likulu la dziko lino linachoka kuno ku Zomba kunka ku Lilongwe, anthu ena okonda makina anayamba kukomana m'garaja ya munthu ku Menlo Park, ku California, nadzitcha Homebrew Computer Club. Kumeneko ndiko Steve Wozniak anakaonetsa anzache kompyuta yoyamba ya Apple mu 1976. Kuno kwathu, anati, mayi wina dzina lache Rachel Sibande anatsegula ku Lilongwe malo otchedwa mHub kuti achinyamata okonda ntchitoyi azipeza pokomanira. Ine ndinangoti "Ee, ee," koma mtima unali pa nsapato zanga, pakuti imodzi inali itayasama kutsogolo.

Tinapeza anthu ngati 25 m'chipinda chozizira, ambiri atabvala majuzi, ena atafungatira malaputopu pamiyendo. Woyamba kulankhula anali mnyamata wamtali amene anafotokoza za Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene munthu wachita m'pulogalamu yache, kotero kuti ukaononga lero ungathe kubwerera pamene unali dzulo. Ndinamva theka lokha. Pambuyo pache panaimirira mayi wina wamagalasi, amene ananena za mabvuto opanga mapulogalamu ogwira ntchito kumudzi kumene intaneti imabwera ndi kuchoka ngati mvula ya chiperoni. Ali pakati magetsi anazima, koma iye sanaleke. Anatenga choko napitiriza pabolodi kufikira magetsi anayakanso.

Kenaka wotsogolera anati yafika nthawi ya nkhani zazifupi, mphindi zisanu munthu aliyense, nawerenga maina papepala. Lachitatu linali langa. Msuweni anali atalilemba osandiuza, ndipo pamene ndinamuyang'ana iye anali kuyang'ana kudenga ngati kuli chachilendo.

Anakopera pulogalamu yanga m'laputopu ya munthu wina, naionetsa pakhoma, chilembo chirichonse chachikulu ngati dzanja. Ndinafotokoza za benchi la amayi, mau akunjenjemera. Ndinati tiyerekeze kuti munthu watenga mbatata ya K1,000 Lolemba, nabweranso Lachitatu kudzatenga tomato wa K500. Ndinalemba 1000. Ndinalemba 500. Ndinadina batani, ndipo pakhoma panatuluka, poyera pamaso pa onse, kuti munthuyo ali ndi ngongole ya 1000500.

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Wina kumbuyo anapfuula kuti, "Amayi alemera!" Ine thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira, ndipo ndinayang'ana kukhomo kuyesa mtunda wache.

Pamenepo bambo wina wa imvi, amene anali chete chiyambire, anaimirira nati, "Amene anachitapo cholakwa chomwechi akweze dzanja." Anayamba ndi iye mwini. Manja anakwera pafupifupi onse, la mnyamata wa Git lija, la mayi wamagalasi, ngakhale la msuweni wanga amene kunyumba amayenda ngati sanalakwepo chibadwire. Ndipo ndinazindikira kuti kuseka kuja sikunali kondiseka ine ndekha. Aliyense anali kukumbukira tsiku lache.

Chimene ndinadabwa nacho koposa nchakuti sanandilande laputopu kuti akonze okha. Bamboyo anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi kunyumba inkagwira?" Ndinati inde. "Nanga mwasinthapo chiani chiyambire pamenepo?" Ndinakumbukira. Poyesa kunyumba ndinkalemba manambala m'kati mwa pulogalamu momwemo, koma usiku wa Lachisanu, pofuna kuti ioneke yapamwamba, ndinaikamo lamulo lotchedwa input kuti izifunsa munthu ndalamazo, ndipo ndinagona osaiyesanso. Tsono m'chinenero cha Python, chirichonse chimene munthu walemba poyankha input kompyuta imachitenga ngati mau, osati ngati nambala. Ukaiuza kuti iphatikize mau awiri, imangowalumikiza monga mikanda pachingwe, 1000 kutsogolo, 500 pambuyo. Kompyuta sinalakwe. Inachita chimene ndinaiuza, osati chimene ndinali kufuna. Mtsikana wina wokhala kutsogolo ananong'ona kuti "int," ndilo lamulo losandutsa mau kukhala nambala. Ndinaliika pamizere iwiri ndi zala zanga zomwe, ndinadina, ndipo pakhoma panaoneka 1500. Anaomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli.

Anzanga, taganizani za m'kalasi mwathu. Mphunzitsi akabweza makope, timaphimba ndi chikhato pamene pali inki yofiira. Wina akayankha molakwa timamuseka sabata yathunthu, ndipo chifukwa chache ambiri timakhala duu, tikugwedeza mitu ngati tamva. Ine ndemwe ndakhala chiyambire Fomu 1 osafunsa funso m'phunziro la masamu, kuopa kuchepa pamaso pa anzanga, ngakhale agogo anandiuza kalekale za Safunsa uja anadya phula. Koma m'chipinda chija ndinaona anthu a madigiri akunena poyera kuti "apa sindikudziwa," ndipo palibe amene anachepa nazo.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa kuomba m'manja. Koma ndisanakhale pansi, mayi wamagalasi uja anakweza dzanja.

"Pulogalamu yanu ndi yabwino, achimwene. Kodi amayi anu anaiyesako?"

Ndinati iai.

"Munawafunsa m'mene amasungira ngongole zao?"

Ndinati amangosunga m'mutu.

"Inde, koma m'mutumo amasunga chiani?"

Ndinalibe yankho. Manyazi awa anaposa oyamba aja, ngakhale panalibe woseka. Mayiyo anati iye anaonapo mapulogalamu okongola, opanda cholakwa chirichonse m'mizere yache, amene anafera m'kabati chifukwa owapanga sanakhale pansi ndi anthu owagwiritsa ntchito. Anandipatsa ntchito: ndikafunse amayi, ndipo ndidzabwere kudzauza msonkhano zimene ndapeza.

Madzulo ache, amayi akusankha tomato woola m'dengu, ndinakhala pambali pao ndi kope. Poyamba anandiyang'ana mokayika, pakuti sindinkakhala pabenchipo kawirikawiri. Koma atayamba kulankhula sanaleke msanga. Angongole ao sawadziwa ndi maina a m'kaundula. Pali mayi wa kumpopi, pali bambo wa njinga yofiira, pali make mapasa. Wina salipira ndalama konse koma amabweretsa mtolo wa nkhuni, ndipo mtengo wa mtolowo umasintha ndi nyengo. Wina ngongole yache ikafika pena pache amayi amaleka kumupatsa, koma malire amenewo ali osiyana munthu ndi munthu. Pali gogo wina wolera adzukulu amene ngongole yache amayi saiwerenga nkomwe, koma amamuuzabe kuti "mudzapereka," kuti gogoyo asachite manyazi pobweranso. Ndipo pakhomo pakagwa maliro, ngongole ya mwezi umenewo imapita ndi malirowo.

"Tsono iwe," anatero amayi, akuloza foni yanga ndi tomato, "kanthu kakoko kadziwa bwanji kuti kwa uje kuli maliro?"

Ndinayang'ana mizere yanga 30. Munali malo a dzina ndi malo a ndalama, basi. Chimene ine ndinkachiyesa umbuli chinali ndi malamulo ambiri koposa pulogalamu yanga, ndipo chakhala chikutidyetsa ndi kundilipirira fizi zaka zonsezi.

Komabe amayi sanandibweze chimanjamanja. Anati za angongole ndiwasiyire eni ache, koma pali pena pamene mutu wao umawabvuta. Anthu a kuphiri aja amabweretsa mbatata masiku osiyanasiyana, wina ndowa ziwiri, wina zitatu, mtengo nusintha pakati pa sabata, ndipo pa tsiku lolipira pamabuka mkangano, uyu akuti zinali zisanu ndi ziwiri, amayi akuti zisanu ndi imodzi. Pamenepo, anati, kukhala ndi cholembedwa chimene onse awiri anachiona tsiku lomwelo kungathandize. Anafunanso kuti mau ache akhale a Chichewa, ndi kuti zilembo zikhale zazikulu chifukwa maso ao ayamba kuchita chidima.

Imeneyo ndiyo pulogalamu ndiri kulemba tsopano. Yafika mizere 52, ndipo ikusunga tsiku, munthu, ndowa ndi mtengo. Koma sabata yatha bambo wina anatsika ndi ndowa ziwiri ndi theka, ndipo nditalemba 2.5 pulogalamu inakana, niturutsa mau ofiira. Lamulo lija int, limene linandipulumutsa pamaso pa anthu, silifuna kumva za theka. Msuweni akudziwa mankhwala ache, ndaona m'mene akumwetulira, koma akukana kundiuza. Akuti ndikafunse ndekha kumsonkhano, ndipo dzina langa walilemba kale papepala. Ngati alipo wina wa inu afuna kutsagana nane, andipeze pa nthawi yopuma pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa laibulale, kuti tipangane za Lowerukalo.