Daimler ya 1978 yomwe inkanyamula maliro

Ntchito yowongola mabodi a galimoto ndinaiphunzira ku Ndirande, pansi pa mtengo wa mango, ndi hamala, chidutswa cha njanji ndi gasi wowotcherera. Lero ndili ndi kagalaja kanga kufupi ndi Coventry ku England, komwe ndimadzutsa magalimoto akale, makamaka a Jaguar poti kuno ndiye kwawo. Tsiku lina kunabwera bambo ena opuma pantchito, nandipempha kuti ndiwaperekeze kukaona galimoto yomwe ankafuna kugula. Sananene kuti ndi yotani. Titakankha chitseko cha shedi pafamu ina, ndinaona magalasi aataliatali m'mbali ndi zitsulo zoikapo nkhata zamaluwa padenga. Mtima unangoti myu. Inali galimoto yonyamula maliro.

Inali Daimler DS420 ya 1978. Mtundu umenewu unapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1992, kampani ya Daimler ili kale m'manja mwa Jaguar yomwe inaigula mu 1960. N'chifukwa chake ukatsegula boneti umapeza injini ya Jaguar XK ya malita 4.2, masilinda 6 ndi makabyuleta awiri a SU. Fakitale sinkamaliza yokha galimoto yamaliro. Kumbuyo konse, denga lalitali, magalasi ndi thandala loyendetsapo bokosi, ankamanga ndi amisiri a makampani ena monga Wilcox, Woodall Nicholson ndi Thomas Startin. Bokosi la Princess Diana mu 1997 linachoka ku Westminster Abbey kupita ku Althorp pa galimoto yamtundu womwewu, ndipo bambo aja anandikumbutsa zimenezi katatu tisanayambe n'kuiyendera komwe.

Wogulitsa anathamangira kutionetsa mita: mamailosi 41,000 okha pa zaka zoposa 40. Bambo aja nkhope inawala. Ine ndinangoti phee, chifukwa pa galimoto yamaliro mita imanyenga. Galimoto yotere moyo wake wonse imayenda monyang'ama, kuchoka panyumba kupita kutchalitchi, kenako kumanda, n'kumadikira injini ikulira. Injini yosatentha mokwanira imasunga chinyontho mu oyilo, ekizosi imaola kuchokera mkati, mapulagi amakutidwa ndi mwaye. Ndiye pali kutsuka. Palibe galimoto yomwe imasamba kawirikawiri ngati yamaliro, poti siingafike pasiwa ili ndi fumbi. Madziwo amalowera m'malaba a magalasi, kutsetsereka m'zipilala, n'kukakhazikika pansi pomwe amakumana ndi mchere umene amawaza m'misewu nthawi yachisanu. Kunja imanyezimira ngati nsapato ya mkwati, mkati yafumbwa kale.

M'thumba ndimayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu. Pa chitsulo kamakakamira, pomwe wina anapaka fila kamagwa. Koma pa magalimoto amenewa nakonso si kokakhulupirira kwambiri, chifukwa mbali zina amisiri ankapanga ndi aluminiyamu kapena faibala. Choncho ndimagogodanso ndi chala n'kutchera khutu. Pansi pa zitseko ndi pamwamba pa matayala akumbuyo pankamveka ngati ukugogoda dzungu lowola. Ndinawakokera pambali bambo aja n'kuwauza kuti, "Bambo, muigule ngati mtima wanu wagwapo, koma ndalama yogulira ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe mudzasiye kwa ine." Anaseka, ananenerera mtengo, anagula.

Inakhala m'galaja miyezi 14. Ntchito yaikulu inali pamsoko pomwe bodi ya fakitale imakumana ndi ya amisiri aja. Pamenepo palibe buku lokuuza muyeso, ndipo palibe sitolo yogulitsa chidutswa chokonzakonza. Umadula chowola kufikira utapeza chitsulo chamoyo, umajambula pakatoni, umadula lata latsopano, kulipinda, kuliyesa, kuliwongolanso. Powotcherera umadonthetsa apa, kudumpha, kudonthetsa apo, kudikira kuti pazizire. Ukapupuluma, mbali yaitali chonchija imapindika ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo penti yakuda siibisa kanthu. Apa m'pamene manja a ku Ndirande anandipindulira. Anzanga ena kuno anazolowera kuitanitsa chitseko chatsopano pa intaneti. Ife tinakula tikupanga chitseko kuchokera ku mgolo.

Magalasi am'mbali ndiwo anandisowetsa tulo. Likasweka limodzi, lina lofanana nalo sungalipeze pafupi. Tinawachotsa anthu atatu, tikupuma mobanika. Ndinaganiza zokawasunga kunyumba kunsi kwa bedi, koma mayi a kunyumba anandidula pakamwa: "Bambo a ana, magalasi a maliro m'nyumba muno ayi." Anagona mu ofesi, okulunga m'mabulangete.

Injini inavuta pamutu. Mabawuti aatali omwe amagwira mutu wa injiniyi amadutsa m'njira ya madzi, ndipo eni ake akale ankangothira madzi apampopi opanda mankhwala oletsa dzimbiri. Mutu unakakamira. Kwa milungu iwiri ndinkathira mafuta osungunula dzimbiri m'mawa ndi madzulo, kugogoda pang'ono, kuusiya, mpaka unadzuka. Mabuleki akumbuyo nawo, monga mwa Jaguar za nthawi imeneyo, ali mkati pafupi ndi difu, osati kumatayala. Kuti uwafikire bwino umatsitsa chimango chonse cha kumbuyo. Lamulo la kuno kuyambira 2018 limalola galimoto yopitirira zaka 40 kusapita ku MOT ngati sinasinthidwe kwambiri, koma ine ndinaumirira kuti ipite. Chinthu chotalika pafupifupi mamita 6 sungachitulutse pamsewu ndi mabuleki ongoganizira.

Pochotsa thandala la bokosi kuti ndikonze timagudumu take, ndinapeza kunsi kwake maluwa ouma, ophwanyika ngati fodya. Ndinakhala pansi kanthawi. Kwathu maliro si chinthu choseweretsa. Tikaona masamba ataikidwa pamsewu timachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika, ndipo lole yomwe yanyamula bokosi imadziwika ndi nyimbo za amayi. Nditawauza amayi anga pafoni, anafunsa kuti, "Iwe, galimoto zatha kumeneko kuti uziitana maliro?" Ndinati, "Amayi, ndi chitsulo basi, ntchito inasiya kalekale." Anangoti ndizisamba m'manja ndisanadye. Maluwa aja sindinawataye m'bini ya zinyalala. Ndinawakwirira kuseri kwa galaja.

Tsiku loiyesa ndinaipititsa pamsewu waukulu n'kuiponda mpaka mamailosi 60 pa ola, mwina koyamba m'moyo wake. Inatsokomola utsi wakuda, kenako inayamba kulira mosalala. Titalowa m'tauni, magalimoto anandanda pambuyo pathu osafuna kutipitirira, ndipo gogo wina pasiteji ya basi anavula chipewa. Kumbuyo kunali jeke ndi bokosi la masipanala.

Mwezi wotsatira bambo aja anandiitanira ku chionetsero cha magalimoto akale. Ndinawapeza atatsegula chitseko chakumbuyo, atayala nsalu pathandala lija, pamwamba pake pali fulasiki, makapu ndi masangweji. Ana ankasuzumira m'magalasi, akuluakulu akufunsa za injini. Anandithirira tiyi n'kundilozera malo oti ndikhale pamphepete pa thandala. Kapu ndinalandira ndi manja awiri, koma ndinakamwera kutsogolo, nditatsamira boneti.