Galu Wathu ndi Ana Ake 11

Galu wathu Tilekeni anaswa ana 11 m'mwezi wa February, nthaŵi imene nkhokwe zambiri kuno ku Malomo zimakhala zitapepuka. Maŵere ake ndi 10 okha, tsono kamwana kamodzi kankalira usiku wonse. Pasanathe milungu iŵiri, nthiti za make zinayamba kuŵerengeka.

Anansi anati, "Katayeni ena kudambo. Mudyetsa galu, ana anu ali ndi njala?" Mawuŵa anatilasa mtima, pakuti ufa unalidi wochepa. Komatu ndi Tilekeni yemweyu amene amapirikitsa anyani m'munda mwathu, nauwa fisi akamazungulira khola la mbuzi. Tikanamtaya bwanji pa tsiku la kusauka kwake?

Galu woyamwitsa amafuna chakudya choposa cha masiku onse kaŵiri kapena katatu, ndipo mkute wokha sukwana. Chotero tinayamba kumphikira phala la gaga kanayi pa tsiku, tikumathiramo mitu ya usipa ndi nsinjiro pang'ono. Madzi sanasoŵe m'phale mwake. Anawo tinkaŵayamwitsa mosinthana, ofooka poyamba.

Atakwana milungu 4, mano atatuluka, tinaŵaphunzitsa kunyambita phala lamadzimadzi. Tinkalilimbitsa pang'onopang'ono, tikumaŵapatula kwa make masana. Pa milungu 8 analeka kuyamwa. Mmodzi anafa, 10 anakula.

Amene anati titaye ndiwo anayamba kudzapempha. Tinaŵapatsa mosanyinyirika, titapangana kuti pa miyezi 3 akaŵabayitse katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziŵeto. Ufa unatifikitsa movutikira mpaka dowe atacha, koma m'nyumba mwathu palibe anagona ndi njala.