Nyundo yanga ya pa Kande

Ndalama imene ndinalandira pa nkhani ziwiri za mu nyuzipepala ndinali nditalonjeza malume kuti ndiwagulira ulusi wosokera chilimira. Koma nditafika ku Mzuzu ndinalowa mu sitolo ya zitsulo n'kutuluka ndi nyundo ndi tchizulo. Mutu unali utandizungulira ndi mafupa osanduka miyala amene ndinaona ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, ija inatsegulidwa mu 2004. M'menemo mwaima chinyama chotchedwa Malawisaurus, khosi ngati mlongoti, cha zaka zoposa 100 miliyoni. Ndinati mumtima: nyanja ndi yomweyi, nanga kwathu ku Kande kungalephere bwanji?

Mamawa, mwera usanadzuke, ndinali kale pa miyala. Kho! Kho! Kachitatu kachidutswa kanathetheka n'kundicheka pamwamba pa diso. Malume, amene ankayanika usipa pa thandala, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, mwalawo wakulakwira chiyani?"

"Ndikufuna mafupa akale, malume."

"Ulusi uja ndi umenewo?"

Sindinayankhe. Magazi anandiyankhira.

Chimene ndinachidziwa mochedwa n'chakuti miyala imene ndinkamenyayo inapsa ndi kufinyika pansi pa dziko kalekale, nyama za mafupa zisanakhaleko. Ngakhale mutaiswa mpaka Khirisimasi simupezamo dzino. Mafupa amasungika m'dothi ndi mchenga zimene madzi anaunjika pang'onopang'ono, monga ku Uraha, Malema ndi Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Ndipo kumeneko nyundo si mfumu ayi. Mvula imakokolola zigwembe, anthu n'kumayenda chowerama, maso pansi, ngati wataya singano.

Umo ndi mmene mu 1991 Tyson Msiska, wa m'gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, anapezera chibwano cha munthu wakale ku Uraha, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Dzino lina linali lobenthuka. Chaka chotsatira anabwerera, nasefa dothi mulu ndi mulu mpaka kachidutswa kosowako kanapezeka. Sefa, abale! Chida chimene agogo amasefera ufa wa kondowole, ine n'kumachidutsa tsiku ndi tsiku pakhonde.

Zida zenizeni n'zochititsa manyazi kutchula: chipewa, botolo la madzi, mswachi wotha wochotsera fumbi, guluu wolimbitsira fupa lofumbutuka, pensulo ndi kope. Kopelo ndiye mwini nkhani. Fupa likachotsedwa pamalo pake popanda kulemba kuti linali pati, m'dothi lanji, limasanduka mwala wamba. Zaka zake zimatsala m'dzenje. N'chifukwa chake lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale limaletsa kukumba kapena kutulutsa kunja zotere popanda chilolezo cha boma. Dr Elizabeth Gomani Chindebvu, Mmalawi amene anatcha dzina Karongasaurus mu 2005, anachita kupita kusukulu zaka zambiri kuti agwire ntchito imene ine ndinkafuna kuimaliza tiyi asanapse.

Madzulo ndinakapereka nyundo ija kwa malume. Anaitembenuza, naiyesa kulemera, nati ithandiza kukhomera misomali ya boti. Tchizulo anakana.

"Ulusi ukadali ngongole," anatero.

Kope ndinagula pa gulosale ya m'mbali mwa msewu wa M5. Tsamba loyamba ndinalembapo tsiku, malo, ndi nkhono zisanu ndi ziwiri zimene mafunde analavula usiku. Lachiwiri, mtengo wa ulusi.