MKONONO WA BAMBOYO UNALI MATENDA

Kwa zaka zambiri mai wina wa ku Katete sanali kugona tulo tokoma. Amuna ace, mlimi wa thonje wonenepa ndi wa khosi lalikulu, anali kuliza mkonono womveka mpaka ku nkhokwe. Ana anali kuseka, namati lole ya atate yanyamuka. Koma maiyo sanali kuseka, pakuti iye yekha ndiye anali kumva zotsatira zace. Mkonono uja unali kuleka mwadzidzidzi, m'nyumba muli zii, cifuwa ca bamboyo cili kukoka koma mpweya wosalowa. Pambuyo pace anali kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa, nagonanso osadziwa kanthu.

M'mawa bamboyo anali kudzuka mutu uli kuwawa, kukamwa kuli gwa. Usana anali kusinza paliponse, ngakhale pa bwalo la milandu. Tsiku lina anagona ali pa ngolo, ndipo ng'ombe zinalowa m'dimba la eni ace. Pamenepo mai uja analeka manyazi, nawauza amuna ace zimene anali kuona usiku uliwonse.

Matenda amenewa madokotala amawacha sleep apnea, ndiko kuleka kupuma m'tulo. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka nitseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kuposa. Zikacitika kasanu pa ora limodzi, matenda ayamba. Zikaposa 30 pa ora, afika poopsa. Kunenepa, mowa wa madzulo ndi kugona cagada zimakulitsa bvutoli, ndipo likalekereredwa limakweza magazi ndi kulemetsa mtima, mwinanso kudzetsa sitiroko.

Kale wodwala anayenera kugona ku cipatala kuti apimidwe. Masiku ano kuli kacipangizo kamene dokotala angapatse munthu kuti akagone nako kwao: lamba wa pa cifuwa, kapaipi ka pa mphuno ndi kopanira cala kopima mpweya wa m'magazi. M'mawa amakabweza, ndipo dokotala ndiye amawerenga zimene kalemba. Cithandizo ciliponso. M'caka ca 1981 Colin Sullivan wa ku Sydney, Australia, anaonetsa makina ochedwa CPAP, amene amauzira mpweya m'mphuno kuti khosi lisatsekeke.

Komabe m'mudzi wopima woyamba ndiye uyo agona pambali. Mai uja anacezera usiku utatu ndi koloko, nalemba m'kabuku ka mwana wa sukulu nthawi zonse zimene mpweya unaima. Kabukuko ndiko anapita nako ku kiliniki, kumene bamboyo anapezeka ndi magazi okwera, natumizidwa kwa dokotala. Tsopano amagona cam'mbali, mowa wa madzulo analeka, ndipo ana m'nyumbamo sasekanso mkonono.