Sikelo Siyeza Nzeru za Mwana

Ife a ku Mecanhelas timaudziwa bwino mzere wa amayi pa tsiku la sikelo. Ku Insaca kapena ku Entre Lagos mwambo ndi umodzi: mwana amayezedwa, kulemera kwake kumalembedwa pa khadi, mayi n'kubwerera kwawo mokondwa. Koma sikelo imangonena za thupi. Mwana angathe kunenepa bwino, koma n'kukwanitsa miyezi 10 asanayambe kukhala pansi yekha, osacheuka akaitanidwa, osamwetulira amake.

N'zoona kuti ana sakula mofanana. Bungwe la WHO linasonyeza mu 2006 kuti mwana wathanzi amayamba kukhala yekha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayenda pakati pa miyezi 8 ndi 18. Choncho wa mnzathu akayamba msanga, tisade nkhawa. Koma nyengo zimenezi zikapitirira, pafunika muyeso wina.

Miyeso yotere ilipo. Wotchuka ndi wa Nancy Bayley, umene unatuluka ku America mu 1969. Zina mwa zimene umayesa ndi kukwera masitepe. Nanga mwana wobadwira m'nyumba ya udzu anawaona kuti masitepe? Akalephera, walephera ndi mwana kapena muyeso? N'chifukwa chake tikuyamikira ntchito imene Dr Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa mu 2010 kutsidya kwa malire, ku Malawi. Muyeso wawo, wotchedwa MDAT, uli ndi zoyesa 136 zoona kayendedwe ka mwana, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kalankhulidwe ndi kakhalidwe kake ndi anthu. Anauyesa pa ana akumudzi oposa 1,400, okula monga akulira athu.

Chotimvetsa chisoni n'chakuti kumudzi muyeso umene umafulumira ndi wa pakamwa. Ena amati anamulodza, ena amati bambo wake anakhwimira chuma. Mayi akamva zotere amaleka kubwera naye mwana kutchalitchi, kenaka kusikelo komwe. Chonsecho zifukwa zake n'zodziwika: kuchedwa kupuma pobadwa, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo ogwira ubongo, kusowa kwa ayodini m'thupi la mayi woyembekezera, kapena chibadwa monga Down syndrome. Palibe tchimo la kholo pamenepa.

Mwana wa Down syndrome kawirikawiri amayenda ali ndi zaka pafupifupi 2. Amachedwa, koma amayenda. Kumuyeza kamodzi sikunganene chimene adzakhale atakula; kumuyeza mobwerezabwereza kumasonyeza pamene wafika ndi chimene tingamuphunzitse tsopano, kaya kugwira supuni kapena kutchula "amama."

Tsiku la sikelo likadzafika, mayi asangopereka khadi. Anene kwa namwino kuti mwanayu sanayambe kukhala, kapena sacheuka akaitanidwa, ndipo apemphe kuti aonedwe ku Consulta da Criança em Risco, kumene zipatala za boma zimatsatira ana ofunika chisamaliro chapadera. Ngati mayiyo akuchita manyazi, mmodzi wa ife amuperekeze.