Kalata kwa mphwanga amene akufuna kudzakhala wozimitsa moto

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako wochokera kukomboni ya pa esiteti kumeneko wandipeza wakuti mtima wako uli pa ntchito yozimitsa moto, ndipo amayi ako sakugona nayo tulo nkhaniyi. Monga malume ako sindikuletsa, chifukwa kupulumutsa miyoyo ndi katundu wa anthu ndi ntchito yaulemu. Langizo langa ndi limodzi: njira yopita ku galimoto yofiira ija imadzera m'kalasi, ndipo uyenera kuikonza mwakuti chilichonse chimene waphunzira panjirapo chizitha kukudyetsa pachokha, ngakhale khomo la ntchitoyo litachedwa kutseguka.

Tiyambe ndi kumene ntchitoyi imapezeka. Magulu aakulu ozimitsa moto m'dziko muno ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pa mabwalo a ndege monga Chileka ndi Kamuzu International Airport, pomwe malamulo a dziko lonse lapansi salola ndege zonyamula anthu kutera popanda gulu lopulumutsa lili chire. Malo amenewa ndi owerengeka, ndipo akatsatsa mwayi wa ntchito munyuzipepala, ofunsira amakhala piringupiringu. Asanakuuzeni kuti muthamange kapena munyamule cholemera, olemba ntchito amayamba ayang'ana mapepala. Wopanda satifiketi ya MSCE amagwa pa sefa yoyambayo, minofu yake asanaione aliyense. Choncho mayeso a JCE, omwe adabwezeretsedwa mu 2021 ndipo akukudikira ku Fomu 2, usawatenge ngati masewera. Ukafika Fomu 3 ugwiritse Chingerezi, chifukwa popanda kukhoza phunziro limeneli a MANEB sapereka satifiketi, ndipo usathawe masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje.

Anzako pabwalo la mpira adzakuuza kuti moto sufunsa satifiketi, umangofuna munthu wolimba chiwindi. Ayankhe ndi fakitale ya tiyi imene umaiona tsiku ndi tsiku. Kuseri kwake kuli milu ya nkhuni za bulugama zodyetsa boyila, m'kati muli mawaya a magetsi amphamvu, mafuta a makina, fumbi la tiyi wouma ndi matumba a mapepala osanjikizana mpaka kudenga. Zonsezi zimayaka, koma sizizima mofanana. Nkhuni zimamva madzi. Ukathira madzi pa mawaya amene magetsi sanazimitsidwe, magetsiwo amatsata madziwo n'kukupeza iweyo. Ukawathira pa mafuta oyaka, mafutawo amayandama n'kuumwaza motowo ponseponse, ndiye chifukwa chake pali zozimitsira za thovu, za ufa ndi za mpweya. Moto umakhala ndi moyo pa zinthu zitatu, chinthu choyaka, kutentha ndi mpweya, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa chimene ungachotse msanga mwa zitatuzi. Imeneyo ndi kemisitiri. Tiyerekezenso kuti thanki ya galimoto ili ndi malita 4,000 ndipo pampu ikutulutsa malita 500 pa mphindi: madziwo atha pa mphindi 8 zokha. Munthu amene sangawerengere zimenezi m'mutu utsi uli tolotolo adzapezeka m'kati mwa nyumba ndi paipi youma m'manja.

Malamulo a ntchito m'dziko muno salola munthu wosakwana zaka 18 kugwira ntchito yoika moyo pachiswe, choncho zaka zatsalazi ndi zokonzekera, osati zothamangira kulikonse kwafuka utsi. Ukakwanitsa zaka 16 ukalembetse chiphaso cha unzika ku NRB. Funa maphunziro a chithandizo choyamba omwe mabungwe a Red Cross ndi St John Ambulance amapereka, chifukwa pa ngozi zambiri za moto chimene chimapha anthu ndi utsi malawi asanawafike, ndipo wotulutsidwa ali chikomokere amafuna munthu wodziwa kumubwezera mpweya. Thupi lako lilimbitse ndi zimene uli nazo kale: zitunda za m'minda ya tiyi ku Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba zimaposa bwalo lililonse la masewera olimbitsa thupi. Fodya ndi kachasu uzitalikire, pakuti mapapo ndiwo khasu la wozimitsa moto. Mbiri yako ikhalenso yoyera, chifukwa munthu amene amalowa m'nyumba za eni iwo atathawa amayenera kukhala wa manja osayabwa.

Ukalemba MSCE, usakhale pakhonde kudikira nyuzipepala. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limatumiza achinyamata ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba. Sankha luso loyandikana ndi ntchito ya kumtima kwako: zamagetsi, zamipope kapena umakaniko wa galimoto. Wamagetsi amadziwa pomwe moto wa m'nyumba zambiri umayambira ndi pozimitsira mphamvu yake. Wamipope amamvetsa kayendedwe ka madzi ndi mapampu. Makaniko amadziwa chochita injini ikakana kulira nthawi ya ngozi. Pamwamba pa izi udzatenge laisensi, kuyambira ya galimoto yaing'ono mpaka ya lole, popeza galimoto yozimitsa moto ndi lole yolemedwa ndi madzi. Pa anthu ofunsira ntchito imodzi, amene wabwera ndi MSCE, luso, laisensi ndi pepala la chithandizo choyamba amaoneka ngati dzungu pakati pa mphonda. Ngati mapointi ako adzakhale abwino kwambiri, usaope yunivesite poganiza kuti wataya loto lako. MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014, ili ku Ndata m'boma lako lomwelo la Thyolo, ndipo ntchito yoteteza nyumba ndi mafakitale ku moto imafunanso mainjiniya.

Amayi ako ali ndi mfundo ziwiri zomveka, ndipo usawayankhe mwachipongwe. Yoyamba ndi yakuti ntchitoyi ndi yoopsa. Zoonadi, walira mvula walira matope, ndipo madandaulo a kuchepa kwa galimoto ndi zida m'makhonsolo athu si achinsinsi. Koma kuchepa kwa zida ndi chifukwa chowonjezera maphunziro, pakuti pamene chida chaperewera, chotsala choteteza munthu ndi nzeru zake. Wophunzitsidwa amadziwa nthawi yolowa ndi nthawi yobwerera, ndipo gawo lalikulu la ntchito yake ndi kuyendera nyumba, kuona zozimitsira moto ndi kuphunzitsa anthu, kuti tsiku la malawi lisafike n'komwe. Yachiwiri ndi yakuti ungakalambe ukudikira ntchito imene mwina sidzabwera. Njira imene ndakulongosolerayi ndiyo yankho lake. Khonsolo ikapanda kuitana, wamagetsi wodziwa za moto sagona ndi njala. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limakakamiza mafakitale kusamala za ngozi, choncho maesiteti a tiyi, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi nkhalango ya Chikangawa imene moto umaisakaza chaka ndi chaka, onsewa amafuna anthu otere.

Usaganizenso kuti dziko lilibe nawe ntchito. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa ndi mabuku zikwizikwi, ndipo misika ya m'mizinda yathu yakhala ikupsa mobwerezabwereza, amalonda n'kudzuka m'mawa mpamba wonse uli phulusa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakwirira nyumba ndi matope ku Chilobwe, n'kusakazanso Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu ambiri ankafukula abale awo ndi makasu. Wozimitsa moto amaphunziranso kupulumutsa okwiririka, omira ndi opanikizika m'galimoto zangozi. Kuchokera ku Limbe, mumzinda wa Blantyre momwe muli gulu lozimitsa moto, kufika kwanuko ndi makilomita oposa 30 a msewu wokhotakhota, ndiye moto ukabuka pa esiteti, mphindi zoyambirira zimakhala m'manja mwa anthu a pomwepo.

Choyambira chili pafupi. Chilimwe chino, osaka mbewa akayamba kutentha tchire, kaone mmene antchito amalambulira njira zotchinga moto m'mbali mwa minda ya bulugama, ndipo uwafunse mwaulemu akapitawo chifukwa chake amazilambula mwezi umenewo komanso mbali imeneyo. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Pa iwe tchire lotsala ndi masamu, malinga ndi lipoti lako la teremu yatha, ndiye uyambe kulambula pamenepo. Teremu ikubwerayi unditumizire lipoti lina, ndipo za fizi ndi mabuku tidzakhala pansi ndi amayi ako ndikabwera.

Upereke moni kwa onse pakhomopo.

Ndine malume ako.